PHUNZIRO LA ZOSOKA: BULAUZI YOPEPUKA YA MAKWINYA M'KHOSI

Amayi anzathu, tonse timadziwa mmene dzuwa limaswera mtengo kuno ku Mpingu m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Zovala zambiri za pa kaunjika ndi za nayiloni, sizimwa thukuta, ndipo zimabweretsa zidzolo. M'phunziro lino tiona kasokedwe ka bulauzi ya thonje yopanda manja aatali, yokhala ndi makwinya m'khosi. Tikaidziwa bwino, tidzasunga ndalama ya telala, ndipo tikhoza kusokera ena n'kupezapo ya sopo ndi makope a ana.

Zofunika

Chitenje chimodzi cha thonje chopepuka cha mamita 2, ulusi wofanana nacho, singano kapena makina, sizasi, tepi, choko, mapini ndi simbi.

Tisanadule

Tichape nsaluyo, tiyanike, tisite. Thonje limakhwinyata likachapidwa koyamba. Tikadula osachapa, bulauzi idzathina tsiku lomwelo tikadzaichapa, nsalu n'kupita pachabe.

Kuyeza ndi kudula

1. Tiyeze chifuwa pamene pali potakata, tiwonjezere masentimita 12 kuti mpweya uzidutsa. Ngati chifuwa ndi 100, tipeza 112.
2. Tigawe pawiri: 56. Tiwonjezere 3 a misoko. Chidutswa chakutsogolo ndi chakumbuyo chikhale 59 m'lifupi.
3. Tiyeze kuchokera paphewa kufika m'chiuno, tiwonjezere 4 a mpendero.
4. Tilembe khosi ndi choko. Lisachepere masentimita 62 kuzungulira, kuti mutu uzilowa popanda zipi. Kutsogolo lisatsike kwambiri.

Tilumikize mapewa ndi m'mbali, kusiya potulukira manja, kenaka tipinde m'mphepete.

Makwinya

Apa ndi pamene pagona luso, ndiye tisapupulume. Tidule kansalu ka masentimita 9 m'lifupi, kutalika kwake kuwirikiza kawiri khosi lathu. Khosi la 64 lifuna kansalu ka 128. Kakafupika, makwinya amaoneka osowa. Kakatalikitsa, khosi limalemera ndipo limatenthanso.

Tilumikize nsonga zake kuti kakhale ngati nkhata, tipinde mpendero waung'ono mbali imodzi. Mbali inayo tisoke mizere iwiri ya misoko italiitali, osamanga mfundo. Tikusoka iwiri chifukwa ulusi umodzi umaduka pokoka, ndipo makwinya ake sagona bwino.

Tsopano tigawe kansaluko panayi, khosinso panayi, tikumanitse zizindikirozo ndi mapini. Tikatero makwinya sadzaunjikana kutsogolo kumbuyo kuli mbee. Tikoke ulusi pang'onopang'ono, tikusalaza ndi chala, mpaka kansalu kalingane ndi khosi. Tisoke, kenaka tisolole ulusi wokokera uja.

Kutseka khosi

Msoko wa m'khosi usakhale poyera, umakanda. Tidule kachingwe ka nsalu ka masentimita 3 mopendeketsa, osati motsata ulusi wa nsalu, chifukwa kodulidwa motero kamanyumbuka n'kutsata khosi lozungulira. Tikasokere pamwamba pa makwinya, tikapindire m'kati, titsirize ndi singano yamanja. Posita, nsonga ya simbi ilowe pakati pa makwinya, tisawapondereze.

Ntchito ya pagulu

Sabata yamawa aliyense abwere ndi chitenje chakale kuti tiphunzirirepo tisanakhudze nsalu yatsopano. Tikhale awiriawiri poyezana, pakuti munthu sadziyeza yekha kumsana. Amene ali ndi makina athandize amene alibe, ndipo tiitanenso atsikana athu adzaonerere.