Foni ya Keshi kapena ya Pangongole: Dziwani Ufulu Wanu Musanasaine

Foni yamakono yasanduka khasu. Mlimi amafunsirapo mtengo wa soya, mayi wa geni amalandirirapo ndalama za Mpamba ndi Airtel Money. Choncho ambiri amakopeka akamva kuti "perekani dipoziti, foni mutenge lero." Njirayi yathandiza ambiri, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Muli ndi ufulu wodziwa mtengo wonse musanasaine.

Kusiyana kwake

Mukagula pa keshi, foni ndi yanu pompo. Mutha kuikamo simu iliyonse kapena kuigulitsa.

Mukatenga pangongole, mumalipira pang'onopang'ono, ndipo chiwongoladzanja chimalowa m'malipirowo. Tiyerekeze kuti foni ndi ya K300,000 pa keshi. Pangongole akufuna dipoziti ya K80,000, kenaka K30,000 pamwezi kwa miyezi 12. Mudzakhala mutapereka K440,000, kutanthauza kuti K140,000 yapita pamwamba. Mafoni ambiri otere amakhalanso ndi pulogalamu yowatseka tsiku lolipira likangodutsa. Foni ingathe kutsekeka muli pamzere kuchipatala, mukufuna kuimbira abale.

Funsani izi musanasaine

1. Ndikadzamaliza, zonse pamodzi zidzakwana zingati?
2. Ndikachedwa kulipira, chindapusa n'chotani, ndipo foni mumatseka pakapita masiku angati?
3. Ikabedwa kapena kugwera m'madzi, ngongole ipitirira? Nthawi zambiri imapitirira, pokhapokha pali inshuwalansi.
4. Ndikamaliza msanga, mundichotserako?
5. Waranti ndi ya miyezi ingati, ndipo amakonza ndani?

Mayankho akhale olembedwa. Ngati mgwirizano uli m'Chingerezi chovuta, pemphani akumasulireni, ndipo pepala lanu mupite nalo kunyumba. Musabwereke munthu chiphaso chanu cha unzika kuti akatengere foni, chifukwa ngongoleyo idzalembedwa m'dzina lanu.

Ufulu wanu

Kaya ndi keshi kaya ngongole, lisiti ndi lanu, litengeni. Imbani *#06# muone nambala ya IMEI, muifananitse ndi ya pabokosi, kenaka muilembe posungika. Apolisi adzaifuna foni ikabedwa.

Foni ikapezeka ndi vuto lochokera kufakitale, wogulitsa ayenera kuikonza, kuisintha kapena kubweza ndalama. Chikwangwani chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa sichikuchotserani ufulu umenewu.

Kwa inu amene muli ku Joni: lamulo loteteza ogula la ku South Africa la 2008 limakulolani kuthetsa kontrakiti ya foni mutapereka chidziwitso cha masiku 20 ogwira ntchito. Mumalipira zomwe mwagwiritsa kale ntchito ndi chindapusa chosapyola muyezo.

Kokadandaula

Yambani ndi wogulitsa. Lembani kalata yokhala ndi tsiku, inu musunge kope. Akakana, pitani ku CFTC, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda. Nkhani za simu, mayunitsi ndi netiweki zimapita ku MACRA. Bungwe la CAMA nalo limalankhulira ogula. Konseko nyamulani lisiti, mgwirizano ndi mameseji otsimikiza malipiro.

Ngati ndalama zanu zimabwera nthawi yokolola yokha, kusunga n'kugula pa keshi kungakupepukireni. Ngati foniyo izikulowetserani ndalama tsiku ndi tsiku, ngongole ingakuthandizeni. Chachikulu n'chakuti musainire chinthu chomwe mwawerengetsera nokha.