Mabotolo Akale a Moŵa

Munthu akafika pa bwinja la mudzi amayamba waona mapale. Mapalewo amamuuza kuti pano panakhala anthu, ngakhale nyumba zao zinagwa kalekale. Botolo nalonso ndi mboni yotere. Mtengo umafumbwa, nsaru imaola, citsulo cimacita dzimbiri, koma galasi limakhala zaka mazana ambiri. Cifukwa cace anthu ofukula za makedzana sataya botolo lakale akalipeza m'nyumba yakale.

M'caka ca 2020 anthu otere anali kukumba mu mzinda wa Leeds ku England, pamene kale panali nyumba yogulitsiramo moŵa, dzina lace Scarborough Castle Inn. Kunsi kwa makwerero otsikira m'cipinda ca pansi anapeza mabotolo oposa 600 atasanjidwa bwino, ndipo ena anali ndi moŵa m'kati. Eni ace anafa kale. Nanga ofukulawo akanadziŵa bwanji msinkhu wa mabotolowo? Botolo liri ndi zizindikiro zitatu zimene wodziŵa amaŵerenga monga kalata.

Coyamba ndi msoko. Kale mmisiri anali kutapa galasi losungunuka ndi mpope wacitsulo, nauzira mpweya ndi pakamwa pace kufikira galasi litadzaza cikombole. Mlomo wa botolo anali kuukonza pambuyo ndi manja, motero msoko wa cikombole umalekera pakhosi. Koma m'caka ca 1903 Michael Owens wa ku America anapanga makina oumba botolo lathunthu. Pa botolo la makina msoko umakwera kufikira pamwamba pa mlomo.

Caciŵiri ndi cotsekera. Mabotolo oyamba anali kutsekedwa ndi khungwa lofewa la mtengo, lomangidwa ndi cingwe kapena waya. Kacitsulo ka mano kamene timatsegula lero pa mabotolo a zakumwa kanapangidwa ndi William Painter wa ku Baltimore m'caka ca 1892. Tsono botolo la mlomo wolandira kacitsulo kotere silingakhale lakale kuposa caka cimeneco.

Cacitatu ndi maina ndi zizindikiro za eni moŵa, zodinda pa galasi kapena pa pepala lomata. Cizindikiro cofiira ca ngondya zitatu ca moŵa wa Bass ndico cinayamba kulembedwa m'buku la Boma la Britain la zizindikiro za malonda, m'caka ca 1876.

Akatswiri aja anaona kuti mabotolo a ku Leeds ndi a kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Pamene anapima moŵawo anapezamo mtovu wambiri, woposa kakhumi muyezo umene umaloledwa lero m'madzi akumwa. Akuganiza kuti mtovuwo unacokera m'mipope ya madzi ya masiku amenewo. Mtovu ndi ululu: umaononga magazi ndi ubongo pang'onopang'ono. Motero mabotolo anaulula tsoka limene akumwawo anali kumeza osadziŵa.

Tsono ana inu, mukapeza cinthu cakale m'nyumba yakugwa kapena m'nthaka, kumbukirani malangizo atatu. Musalaŵe za m'kati mwace. Musaciswe ndi legeni kapena miyala. Musacicotse pamalo pace, pakuti malowo ndiwo amanena theka la mbiri yace. Uzani aphunzitsi anu, ndipo iwo adzadziŵitsa osunga zinthu zakale, monga a ku Livingstone Museum, nyumba imene inayamba nchito yace m'caka ca 1934.

Mafunso

1. Kodi n'cifukwa ninji galasi limasunga mbiri kuposa mtengo?
2. Fotokozani kusiyana kwa msoko wa botolo la manja ndi wa botolo la makina.
3. Kodi anapeza ciani m'moŵa wa ku Leeds?
4. Funsani agogo anu za ziŵiya zimene anali kusungiramo zakumwa, ndipo lembani maina ace.