Khadi la ngongole m'manja mwa mwana wopita kukoleji

Mwezi wa August ukamayandikira, makalata obwera ku pulogalamu ya pa wailesi ya zachuma ya Lachinayi madzulo amasintha nkhani. Za mitengo ya fetereza ndi za banki nkhonde zimayamba zachepa, m'malo mwake mumadzaza mafunso a ana amene apeza malo kumakoleji akunja, ndi a makolo awo amene mitima ili m'mwamba. Sabata imeneyi wowulutsa mawu anali ndi mulu wa makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp, ambiri ofunsa za chinthu chimodzi: khadi la ngongole, limene achinyamata amangoti kirediti khadi. Woyankha anali mayi wina amene anagwira ntchito zaka zambiri kubanki, ku nthambi yoona za ngongole, munthu wolankhula modekha koma wosazungulira.

Kalata yoyamba inali ya mtsikana wa ku Zomba amene wapeza sikolashipu ku yunivesite ina ku Ohio, m'dziko la America. Msuweni wake amene anatsogola kale anamuuza kuti akangofika akatenge khadi, chifukwa kumeneko munthu wopanda mbiri ya ngongole amavutika ngakhale kupeza nyumba ya lendi. Bambo ake, mphunzitsi wopuma pantchito, akukanitsitsa kuti pakhomo pawo sadya za ngongole. "Ndimvere ndani?" inatha choncho kalatayo.

Mayiwo anayamba ndi kusiyanitsa makhadi awiri amene anthu amawasokoneza poti onse amakhala ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard. Khadi la ATM limatapa ndalama zako zimene zili mu akaunti, ndipo zikatha makina amakana. Khadi la ngongole limatapa ndalama za banki. Banki imakuikira malire, tinene madola 500, iwe n'kumagula mwezi wonse, kenako imakutumizira sitetimenti yosonyeza zimene wagula ndi tsiku loti ukhale utabweza. Ku America lamulo limati kuchokera pamene sitetimenti yatumizidwa kufika tsiku lolipira papite masiku osachepera 21. Ukabweza zonse tsikulo lisanadutse, pa makhadi ambiri sulipira chiwongoladzanja ngakhale senti imodzi.

"Mwanangu, bambo ako akunena zoona, msuweni wakonso sakunama," anatero mayiwo. "Ukudziwa mmene wagolosale wa kumudzi amachitira. Ali ndi kabuku kake. Amene amatenga sopo ndi shuga pangongole n'kubweza mwezi ukatha, tsiku la vuto amam'patsa ngakhale thumba la ufa. Mlendo sam'patsa, osati chifukwa ndi wakuba, koma chifukwa m'kabukumo mulibe dzina lake. Ku America kabuku kameneko n'ka dziko lonse."

Kabukuko kamasungidwa ndi makampani atatu, Equifax, Experian ndi TransUnion. Kuchokera pa zimene alemba, munthu amapatsidwa malikisi, ndipo odziwika kwambiri ndi a FICO, oyambira pa 300 kulekeza 850. Gawo lalikulu, 35 peresenti, limayendera ngati umalipira pa nthawi yake. Lina la 30 peresenti limayang'ana kukula kwa ngongole zako, makamaka poyerekeza ndi malire amene anakuikira. Zotsalazo ndi kutalika kwa nthawi imene wakhala uli ndi ngongole, mitundu yake, ndi kuchuluka kwa zatsopano zimene wapempha. Eni nyumba za lendi ambiri amayamba aona mbiri imeneyi asanakupatse kiyi, ogulitsa galimoto pangongole chimodzimodzi. Ndipo malikisi a FICO satuluka mpaka akaunti yako itatha miyezi 6 chitsekulireni.

Komabe mayiwo sanamulole kuthamanga. Anam'kumbutsa kuti kale makampani a makhadi ankayala matebulo pakhomo pa makoleji, n'kumagawa matisheti ndi zakudya kwa aliyense wolemba fomu, ndipo ana ambiri ankamaliza sukulu ali ndi digiri kudzanja lina, ngongole kudzanja linzake. M'chaka cha 2009 Pulezidenti Barack Obama anasainira lamulo lotchedwa Credit CARD Act. Kuyambira pamenepo munthu wosakwana zaka 21 sapatsidwa khadi pokhapokha aonetse kuti ali ndi kopezera ndalama kwakekwake, kapena wamkulu wina asainire nawo kuti zikavuta adzabweza ndi iye. Mphatso zokopera ana pamakoleji zinaletsedwanso.

Kwa mwana wochokera ku Zomba pali chopinga china. Mabanki ambiri amafuna nambala ya boma yotchedwa Social Security, ndipo wophunzira wa viza ya F-1 amaipeza akalembedwa ntchito yololedwa, monga ya ku laibulale kapena ya kukantini ya pasukulu pomwepo, imene sipitirira maola 20 pa sabata sukulu ili mkati. Choncho malangizo a mayiwo anali akuti teremu yoyamba aziyenda ndi khadi la ATM basi, aphunzire kaye mitengo ya kumeneko. Akapeza kantchito atenge khadi limodzi, lopanda ndalama yolipira pachaka. Akam'kana, pali la chikole: umasiya madola 200 kubanki, malire ako amakhala omwewo, ndipo mbiri imalembedwa ngati ya khadi lina lililonse. Pa khadilo azilipirapo kanthu kamodzi kakang'ono, monga bilu ya foni, ndipo auze banki kuti izidula yokha ndalama yonse mwezi ndi mwezi.

Wowulutsa mawu anadulira: "Mayi, ena amati uzisiyako kangongole pang'ono kuti banki izikuona kuti ndiwe kasitomala wabwino." Mayiwo anakana kwamtuwagalu. Wobweza zonse mbiri yake imakula bwinobwino, anatero, ndipo wosiyako amangopereka chiwongoladzanja pachabe.

Kalata yachiwiri ndi imene inadya nthawi yambiri, ndipo m'pake. Inali ya mnyamata wa chaka chachiwiri, nayenso ali ku America. Anagula laputopu, jekete ya nyengo yozizira ndi tikiti yokaona anzake pa Khirisimasi, ngongole n'kufika madola 1,000. Mwezi uliwonse amalipira ndalama yochepetsetsa imene banki imalemba pa sitetimenti, sanaphonyepo, koma ngongole ikungokhala ngati sikusuntha. Ankafuna kudziwa ngati banki ikumubera.

Apa m'situdiyo munamveka kuthetheka kwa pepala, mayiwo akuwerengera ndi cholembera. Chiwongoladzanja cha makhadi ku America chinkapitirira 20 peresenti pachaka m'zaka za 2023 ndi 2024. Iwo anatenga 24 peresenti kuti masamu aphweke, kutanthauza 2 peresenti pamwezi. Pa madola 1,000, mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi madola 20. Mnyamatayo akalipira madola 25, ndiye kuti 20 yapita kubanki, ngongole yeniyeniyo yachepa ndi madola 5 okha. Akamapitiriza ndi madola 25 mwezi uliwonse, osagulanso kanthu, adzamaliza patatha zaka pafupifupi 7, atapereka madola oposa 2,000. Laputopuyo idzakhala itafa kalekale. Koma akamalipira madola 100 pamwezi, ngongole imatha m'miyezi 12, chiwongoladzanja chonse osafika madola 130.

"Achimwene, banki sikukuberani," anatero. "Tengani sitetimenti yanu muyang'ane bwino. Muli kabokosi kamene lamulo la 2009 lija linakakamiza mabanki kuikamo. Kamakuuzani zaka zimene mudzatenge mukamalipira yochepetsetsa, komanso ndalama yoti muzilipira kuti muthane nazo m'zaka zitatu. Ambiri sakawerenga."

Anawonjeza zinthu ziwiri zimene ana ambiri amazidziwa mochedwa. Munthu akasiya ngongole kuti idutse mwezi, masiku aulere aja amatha, ndipo chilichonse chatsopano chimene wagula chimayamba kubereka tsiku lomwelo. Chachiwiri ndi kutapa ndalama pa ATM ndi khadi la ngongole: pamenepo amadula chindapusa nthawi yomweyo, chiwongoladzanja chake chimakhala chokwera, ndipo masiku aulere palibe n'komwe. Mnyamatayo anamulangiza kuti khadilo aliike m'sutikesi, alichotsenso mu foni ndi pa masamba ogulira zinthu pa intaneti, kufikira ngongole itatha. Koma asalitseke, ndipo asaphonye ngakhale mwezi umodzi, chifukwa kuchedwa kopitirira masiku 30 kumalembedwa m'mbiri ija n'kukhalamo zaka 7.

Kenako inabwera kalata ya kholo, mlimi wa fodya wa ku Kasungu, yolembedwa pamanja pa pepala la m'kope. Mwana wawo amene ali pasukulu kunja wawauza kuti asadandaule za ndalama ya chakudya, azingogwiritsa ntchito khadi, bambo adzabweza akagulitsa fodya ku okushoni. Bamboyo ankaona ngati ndi nzeru yabwino, poti ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pachaka.

Mawu a mayiwo anasintha, analankhula mwaulemu koma molimba. "Bambo, chonde musavomere." Ngongole ya mwanayo ili m'madola, pamene ndalama ya chakudya ndi ya zina zonse pakhomo pa bamboyo ili m'makwacha. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kholo limene linali ndi ngongole ya madola 500 linagona likudziwa kuti likufunika K590,000, kutacha inali K850,000, chiwongoladzanja chisanawerengedwe. Chaka cha 2022 mu May kwacha inali itagwanso ndi 25 peresenti. Kuwonjezera apo, madola m'mabanki a kuno akhala akusowa, moti munthu angathe kukhala ndi makwacha m'manja koma n'kudikira masabata kuti atumize, uku tsiku lolipira likudutsa. Ngati pali ndalama yothandizira mwana, anatero, itumizidwe isanadyedwe, mwanayo aigawe yekha miyezi yake.

Mfundo imeneyi ndi imene makolo ambiri saiona, chifukwa malangizo amene ana amawerenga pa intaneti amalembedwa ndi anthu amene malipiro awo ndi ngongole zawo zili m'ndalama imodzi. Mwana wobadwira ku Ohio akakanika, mayi ake amatapa mu akaunti tsiku lomwelo. Wa ku Kasungu alibe mwayi umenewo, choncho malire ake enieni ndi malipiro a kantchito kake ka pasukulu, osati nambala imene banki yalemba.

Mauthenga awiri anayankhidwa mwachidule. Wina wa ku Manchester anafunsa ngati khadili lili ndi ubwino wina kupatula mbiri. Ulipo: ku Britain, gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act la 1974 limati ukagula chinthu choposa mapaundi 100 kufika 30,000 ndi khadi la ngongole, wogulitsa n'kukupusitsa kapena kampani yake n'kugwa, banki nayonso ili ndi mlandu wokubwezera. Tikiti ya ndege yobwerera kumudzi ndi bwino kuigula motero, bola ndalama yake ikhale ilipo kale. Wina wa ku Johannesburg anadandaula kuti sitolo ya zovala ikumukakamiza kutsekula akaunti ya ngongole. Mayiwo anati akaunti ya sitolo ndi ngongole ngati ina iliyonse, ndipo lamulo la South Africa la National Credit Act la 2005 limafuna kuti wobwereketsa ayambe waona ngati munthu angathe kubweza. Limapatsanso aliyense ufulu woona mbiri yake kwaulere kamodzi pachaka.

Kalata yomaliza inachokera kuno kwathu, kwa mtsikana amene wasankhidwa kupita ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre. Ankafunsa ngati nayenso angapeze khadi lotere.

Mayiwo anati mabanki ena a m'Malawi muno amapereka, koma makamaka kwa anthu a pantchito amene malipiro awo amadzera kubankiko, choncho wophunzira wa chaka choyamba asataye nthawi pamzere. Chimene chimukudikira iye ndi china: tingongole ta pafoni timene timabwera ukangodina manambala angapo, ndi akatapila amene amazungulira mahositelo ndalama ya chakudya ikachedwa kutuluka. Wakatapila akati ubweze K15,000 pa K10,000 mwezi ukatha, ndiye 50 peresenti pamwezi, pamene khadi la ku America lija linali 2 peresenti pamwezi. Ena amasiya foni kapena laputopu ngati chikole, mayeso n'kufika alibe powerengera.

Anam'kumbutsanso kuti kabuku kaja kuno kaliponso. Lamulo la Credit Reference Bureau linakhazikitsidwa m'chaka cha 2010, ndipo mabanki amafufuza mbiri ya munthu asanam'bwereke. Ngongole ya fizi ya ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board nayonso si mphatso, imayenera kubwezedwa munthu akamaliza sukulu kuti ena a m'mbuyo apeze pobwereka. Anamulangiza kuti asunge kope la fomu iliyonse imene wasaina, alembe m'kabuku ndalama zimene bungwelo lam'lipirira chaka ndi chaka, ndipo atsekule akaunti ya ophunzira kubanki kuti ndalama ya chakudya isamakhale mu foni momwe muli tingongole tija.

Nthawi inali itatha makalata ena asanawerengedwe. Wowulutsa mawu analonjeza kuti Lachinayi likudzali ayamba ndi a makolo ofunsa njira zololedwa zotumizira fizi kunja, ndipo anapempha amene ana awo ali kale kusukulu kuti atchule dziko ndi mtundu wa ndalama imene sukuluyo imafuna.