Mwana wanga anatsamwa mtedza, tsopano mawu asasa

Adokotala,
Mwana wanga wa zaka 2 anatsamwa mtedza wokazinga dzana. Anatsokomola mpaka maso psuu. Agogo ake anamumwetsa madzi ndi kumumezetsa mbamu ya nsima kuti mtedzawo utsike. Kutsokomola kunachepa, koma mawu ake asasa ndipo akamakoka mpweya pakumveka kaphokoso ngati kakhweru. Kodi ndi chifuwa chabe?
Mayi wodandaula, Mchinji

Mayi, nyamulani mwanayo mupite naye kuchipatala lero, musadikire kuche. Pakhosi pali njira ziwiri, ya chakudya ndi ya mpweya. Madzi ndi nsima zinatsika njira ya chakudya, pamene kusasa mawu ndi kakhweruko zikusonyeza kuti chidutswa cha mtedza chingakhale chitakodwa m'kholingo, polowera mpweya. Kuchepa kwa chifuwa kusakunyengeni. Mafuta a mtedza amatupitsa njirayi, ndipo chidutswacho chikangosuntha pang'ono chikhoza kutseka ponse. Ubongo ukasowa mpweya umayamba kuwonongeka pa mphindi 4 zokha.

Panjira musamupatse chakudya kapena chakumwa chilichonse. Mumukhazike tsonga, mumutonthoze asalire. Mukafika, mawu anu oyamba akhale akuti "anatsamwa mtedza", chifukwa mtedza suoneka pa X-ray ndipo dokotala amadalira kwambiri zimene kholo lanena. Pochotsa amamugoneka mwana ndi mankhwala, n'kulowetsa kachipangizo kounikira kummero. Akakutumizani kuchipatala chachikulu ngati Kamuzu Central, musazengereze.

Ndiwonjezere izi, popeza tsiku lina mudzapulumutsa nazo moyo. Wotsamwa akamatsokomola mwamphamvu, musiyeni atsokomole. Koma akalephera kulira, kulankhula kapena kutsokomola, milomo n'kuyamba kuda, muweramitseni ndipo mumumenye ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa. Zikakanika, muzungulire kumbuyo kwake, ikani chibakera pamwamba pa mchombo, gwirani ndi dzanja linalo, mukokere mkati ndi m'mwamba kasanu. Bwerezani mosinthanitsa, wina akufuna galimoto. Khanda losakwana chaka musalifinye pamimba ayi. Ligonekeni chafufumimba pamkono wanu mutu uli chakumunsi, limenyeni kasanu pamsana, kenako mulitembenuze ndi kudina pakati pa chifuwa kasanu ndi zala ziwiri.

Chala m'kamwa musapise ngati chinthucho simukuchiona, mudzangochikankhira mkati. Agogo anachita zomwe ambirife tinakula tikuziona, musawakalipire, koma muwafotokozere. Ndipo mwana wosakwana zaka 5 musamupatsenso mtedza wathunthu, sinjani mumuthirire m'phala.