Kakonzedwe ka Mafunso Ofufuzira Maganizo a Anthu

Nthawi zina m'midzi ya ku Mzimba mumafika alendo onyamula mndandanda wa mafunso, nafuna kumva maganizo a anthu pa za kayendetsedwe ka dziko. Bungwe la Afrobarometer linayamba ntchito yotere m'Malawi muno mu 1999, mothandizana ndi a Centre for Social Research a ku Zomba. Kawirikawiri amafunsa anthu 1,200, theka amuna theka akazi, a zaka 18 kapena kupitirira.

Ntchito yaikulu imachitika mlendoyo asananyamuke, polemba mafunsowo, pakuti funso lokhota limabala yankho lokhota.

Mawu akuti "boma" ndiwo chitsanzo chabwino. Munthu wa ku Embangweni akati ali kupita ku Boma, atanthauza tauni ya Mzimba. Mnzake akamva mawu omwewo aganiza za ofesi ya DC, winanso za chipani cholamula. Tsono anthu atatuwa atafunsidwa ngati amalikhulupirira boma, onse nati "inde", wolemba sadziwa chimene avomera. Chifukwa chake okonza mafunso amapatula: funso la Pulezidenti palokha, la Nyumba ya Malamulo palokha, la apolisi, la makhoti, la mafumu. Munthu angathe kukhulupirira Inkosi ya Makosi M'mbelwa koma nakayika phungu wake.

Mafunsowa amayamba kulembedwa m'Chingerezi, pamene ambiri ku Mzimba amalankhula Chitumbuka. Mmodzi akamasulira, wina amene sanaone Chingerezicho amabwezanso m'Chingerezi, kuti zioneke ngati tanthauzo latayika panjira.

Funso lisatsogolere munthu. Loyamba ndi mawu akuti "Kodi simuvomereza kuti" ndi loipa ndithu, pakuti munthu waulemu safuna kutsutsa mlendo pakhomo pake. Nkwabwino kumuwerengera maganizo awiri otsutsana, iye nasankha limene lili pafupi ndi mtima wake. Wonena kuti sadziwa asakakamizidwe.

Pomalizira penipeni wofunsidwayo amafunsidwa kuti aganiza anatuma alendowo ndani. Ambiri amayankha kuti ndi boma, chinkana anauzidwa poyamba kuti si boma. Izi sizodabwitsa: akuluakulu akumbukira kuti isanachitike referendamu ya pa 14 June 1993, munthu ankatha kutsekeredwa chifukwa cha mawu okha. Ofufuza amayerekeza mayankho a anthu otere ndi a anzawo. Akapeza kuti oganizira boma ndiwo atamanda atsogoleri koposa, amadziwa kuti pa chiwerengerocho palowa mantha.