Bowa kapena mowa? Milomo payokha sinena zonse

Imani pagalasi. Nenani "bowa" kenako "mowa" osatulutsa mawu. Mwaonatu? Milomo ikuyenda chimodzimodzi. Potchula b ndi m, milomo imatsekeka mofanana. Kusiyana kwake nkwakuti pa m mpweya umatulukira m'mphuno, ndipo maso sangaone zimenezo. Ndiye mnzanu wosamva akamakuyang'anani pakamwa pamsika wa Kawale, mawu ena amachita kuganizira.

Nanga kukuwa? Sikuthandiza. Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, dzina lake cochlea. Mmenemo muli timaselo tomwe timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Matenda oumitsa khosi kapena phokoso lalikulu zikatiwononga, sitimeranso. Mukakuwa mumangopotoza milomo, mnzanu nkusokonekeratu.

Chitani izi: muyang'aneni, kumaso kwanu kuwale, musaphimbe pakamwa, lankhulani bwinobwino. Zikakanika, lembani papepala kapena pafoni. Koposa zonse, phunzirani chinenero cha manja cha ku Malawi, chomwe bungwe la MANAD limalimbikitsa. Chili ndi malamulo akeake.

Khutu likamatuluka mafinya, osazengereza, pitani kuchipatala.