Maso a mwana afiira, kuchipatala akundiletsa mankhwala amene akugwira ntchito

Mayi wina wa ku Pembamoyo, m'boma la Vubwi, walemba kuti mwana wake wamwamuna wa zaka 9 amayabwa m'maso chaka chilichonse, makamaka mphepo ya Ogasiti ikayamba. Poyera pa diso pafiira ngati dothi la katondo, ndipo anthu ayamba kunong'ona kuti mwina akusuta chamba, ena akuti amulodza. Mankhwala odontheza a kukiliniki ankachedwa kugwira, ndiye iye anagula ena olembedwa dexamethasone, maso nkuyera m'masiku awiri. Wadontheza miyezi inayi. Tsopano akuchipatala amuletsa, amutumiza kwa dokotala wa maso, koma alamu ake akuti kumeneko amangoyeserera mankhwala pa ana a amphawi.

Amake mnyamata, khazikani mtima pansi. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndaonamo mayi amene sagona mwana akamatikita maso usiku. Simunagule botolo lija mwa chipongwe ayi.

Choyamba, mwana wanu sakusuta kanthu, ndipo palibe wamulodza. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi matenda amene madokotala amawatcha vernal keratoconjunctivitis. Thupi la mwana limadana ndi zinthu zimene anzake sizimawavuta: fumbi, mungu wa maluwa, utsi, dzuwa loswa mtengo. Amakonda anyamata a kumadera otentha ngati kwathu kuno, sapatsirana, ndipo ambiri amawasiya akatha msinkhu. Ku Rwanda anapima ana asukulu oposa 3,000, napeza kuti 4 mwa 100 alionse ali nawo. M'kalasi ya mwana wanu mwina muli wina amene amayi ake akulira ngati inu. Mumuuze mnyamatayo zimenezi pamaso pa abale, chifukwa mwana wonenedwa chamba amayamba kuyenda chowerama, kenaka sukulu nkuida.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono. Miyezi inayi, mayi! Dexamethasone ali m'gulu la ma steroid. Amazimitsa kutupa msanga, nchifukwa chake munawakonda, ndipo madokotala amawaperekadi matenda akakula, koma kwa masiku owerengeka, akuyang'anira. Akadonthezedwa nthawi yaitali amatha kukweza mphamvu ya madzi a m'kati mwa diso mpaka mtsempha woonera kufota. Ndiyo glaucoma imeneyo, ndipo zimene yawononga sizibwerera. Amabweretsanso ng'ala, ngakhale kwa mwana. Choopsa nchakuti diso limaoneka loyera bwino, mwana osadandaula, pamene m'kati zikuwonongeka. Amene anakuletsaniyo sanakumaneni, wakuchitirani chifundo. Tengani botololo, ngakhale latha, mukaonetse, ndipo mukanene zoona za miyezi inayi ija osachepetsako. Mukapemphe kuti akapime mphamvu ya m'diso. Kalata yotumizira muli nayo kale. Ku Chipata Central kapena ku Mwami kuli anthu odziwa za maso. Ndalama ya basi ndi yowawa, ndikudziwa, makamaka ino nthawi yosunga ya feteleza, koma sabata ino isathe.

Za alamu anu. Mantha awo musawaseke, pakuti munthu wosauka wapusitsidwapo kambirimbiri. Koma kupimidwa ndi kulandira mankhwala si kafukufuku. Kafukufuku weniweni ali ndi malamulo ake: muno mu Zambia lamulo la 2013 linakhazikitsa National Health Research Authority, ndipo palibe wololedwa kulowetsa mwana wanu popanda kukufotokozerani m'chinenero chimene mukumva, inu nkuvomera posaina kapena kudinda chala. Mukakana, mwana amathandizidwabe. Mukavomera lero, mawa mukhoza kutuluka.

Ndipo kafukufukuyo ndi amene akufunafuna njira yoti ana asamadalire botolo limene likundidetsa nkhawali. Ku Rwanda komweko anatenga odwala 366, ena nkuwapatsa dexamethasone, ena mankhwala otchedwa ciclosporin, kwa milungu inayi, wodwala ndi dokotala yemwe osadziwa kuti botolo lili ndi ati. Zotsatira zinatuluka mu 2012: magulu onse awiri anapeza bwino mofanana, kungoti ciclosporin ankalasa kwambiri m'maso pomudontheza. Ubwino wake ngwakuti sakweza mphamvu ya m'diso. Mu 2018 maiko a ku Ulaya anavomereza mtundu wina wa ciclosporin wopangira ana odwala matendawa kwambiri. Ndi wokwera mtengo, simungaupeze pagolosale, koma dzinalo lisungeni, mukafunse dokotala wa maso ngati mwana wanu akufunika zotere. Makolo aja a ku Rwanda akanakana onse, bwenzi lero tikungoganizira.

Aja munati ngochedwa, ngati ali sodium cromoglycate, musawanyoze. Ntchito yawo ndi kutchinga, si kuzimitsa moto woyaka kale. Amatenga milungu iwiri kapena kuposerapo kuti muone kusintha, ndipo amafuna kudontheza tsiku ndi tsiku, ngakhale maso akuoneka bwino. Popeza mukudziwa kuti vuto limadza ndi mphepo ya Ogasiti, mukapangane ndi akuchipatala kuti chaka chamawa adzayambe mu Julayi.

Pakhomo pali zimene mungachite lero lomwe. Akayamba kuyabwa, viikani kansalu koyera m'madzi ozizira a mumtsuko, atseke maso, mumuike pazikope. Akachoka kosewera asambe kumaso. Mugulireni kapu yotchinga dzuwa. Asakhale kukhitchini nkhuni zikufuka, asatumidwe kusesa pabwalo kapena kupeta, ndipo aphunzitsi muwapemphe kuti asamufufutitse bolodi. Kutikita nkoipa kwambiri, kumapepula kagalasi ka kutsogolo kwa diso, koma musamumenye nako. Kuyabwa kwake ngakhale wamkulu sangapirire. Madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, mkodzo, shuga, zonsezi zisayandikire diso, angalimbikire bwanji apongozi.

Mukadzaona kadontho koyera pakati pa diso, kapena akulephera kutsegula maso pakuwala, kapena akuti bolodi sakuliona, musadikire tsiku limene anakulemberani. Nyamukani m'mawa womwewo. Ndipo alamu anuwo muwapemphe akuperekezeni, akamve okha zimene dokotala akanene.